Chikhomo cha pa Masawu

Lolemba, 2 Juni 1913

Mwera kuyambira m'mawa. Thonje layamba kuyera. Dengu limodzi ndi theka, msana kuwawa.

Amuna anga a Damiano alembedwa ntchito kwa mzungu woyeza malo. Kukoka tcheni ndi kukhoma zikhomo. Akuti boma likufuna Nsanje akhale tauni yeniyeni: msewu woongoka kuchokera ku siteshoni mpaka kudooko, msika pakati, nyumba m'mizere. Abwera m'manja muli dzimbiri lokhalokha, akuseka. Chaka chathunthu ndisanawaone akuseka chotero. Anati, "Emelia, zidzukulu zathu zidzati msewu uwu anakhoma ndi agogo." Atatchula zidzukulu analeka kuseka. Ine ndinatuluka kukatsekera mbuzi zimene ndinali nditatsekera kale.

Kope ili ndi lotsala la ku sukulu ya mishoni. M'nyumba muno palibe wina wodziwa kuwerenga. Ndingathe kulemba chilichonse.

Lachinayi, 5 Juni

Pochokera kumadzi ndaona zikhomo, mitu yake yopakidwa njereza. Ndinazitsata ndi maso. Kuseri kwa nyumba ya a Priska, pambali pa chulu, kenako chimodzi pansi penipeni pa mtengo wa masawu. Ndinatula mtsuko. Madzi theka anatayika.

Ndilembe kamodzi, ndisadzalembenso. Chaka chatha, mwezi ngati uno, mwana wanga anabadwa osalira. Nthayo. Wotere sakhala ndi maliro, sapita kumanda, ndipo mayi wake salira mokweza. Amayi akuluakulu okha amamutenga, nakumba kadzenje kosaya, kuti mimba ya mayiyo isatsekeke. Mwamuna sauzidwa malowo, ngakhale bambo wa mwana. Ngakhale ine sindinayenere kudziwa. Koma azakhali anga a Esinala, poona kuti sabata yatha ndisakudya, anandinong'oneza: "Pa masawu, mbali ya kotuluka dzuwa. Tsopano idya."

Sali yekha pamenepo. A Priska ali ndi awiri. Azakhali mmodzi. Ena akalekale.

Chikhomocho akhoma ndi a Damiano. Ndikudziwa kakhomedwe kawo, chimapendekera kumanzere ngati mipanda yathu yonse.

Loweruka, 7 Juni

Mesenjala wa boma wazungulira ndi belu. Lachinayi anthu onse akasonkhane ku boma, aliyense akanene pamene pali manda, chitsime kapena njira ya ziweto, kuti msewu ulambalale. Akuti mzunguyu safuna milandu pambuyo. Amuna atenga njereza, akupaka miyala kuzungulira manda onse, ngakhale a munthu wa pa sitima uja palibe anamudziwa dzina. A Damiano akuti, "Uyu ndi mzungu womva. Ukanena, amafufuta nalembanso."

Madzulo tinakumana pamtondo, amayi asanu ndi awiri, ngati tikusinja mapira. Azakhali anakana zoti tikanene za pa masawu. Nkhani ya nthayo sitchulidwa pamaso pa amuna. Ikatchulidwa, ndani adzayankha atsikana akaleka kubereka? A Priska, aja ogulitsa nsomba zouma, obadwira kutsidya kwa Apwitikizi, pakamwa pawo sipatsekeka. Anati, "Ndiye tinene bodza la ulemu. Tikati pa masawu pamadzaza madzi dzinja lililonse. Mzungu amaopa matope kuposa mizimu." Onse anaseka. Anagwirizana zimenezo.

Ine ndinangopitiriza kusinja. Palibenso anandifunsa.

Lachinayi, 12 Juni

Msonkhano.

Amuna pakhonde ndi pamthunzi, ife kumbuyo padzuwa. Pepala lalikulu lojambulidwa msewu pa tebulo, miyala inayi m'makona chifukwa cha mphepo. Kalaliki akumasulira.

Zoonadi mzunguyu amamva. A Goodwell ananena za chitsime chawo, msewu unakhota. Wina ananena za njira ya ng'ombe yopita kumtsinje, unakhotanso. Ngakhale mkulu uja wophika kachasu anapempha mthunzi wake wa mtondo, anthu kuseka, koma anamusiyira.

Kenako a Priska anakwawa kutsogolo, kuwomba m'manja, kunena za madzi a pa masawu. Mzungu anakweza pensulo. Anatembenukira kwa a Damiano, poti ndi mwana wa pompano. Iwo anaseka. "Pa masawu? Bwana, ngakhale chaka chimene mabwato ankakocheza pa tchalitchi, pamenepo mbuzi zinkagona pouma. Palibe malo okwera ngati amenewo."

Sananame. Ndicho chifukwa chake amayi akale anasankha pamenepo.

Wina kumbuyo anati, "Amayiwa akulirira masawu awo ophikira phala." Kuseka khonde lonse. A Priska anabwerera akutukwana m'Chisena chapansipansi.

Kalaliki anafunsa katatu: "Palinso manda ena amene sitinalembe?" Katatu amuna anayankha, "Palibe." Kachitatuko ndinamva miyendo yanga ikufuna kuimirira. Ndinayang'ana azakhali. Iwo akuyang'ana pansi. Panali nyerere ikukoka phiko la chiwala pafupi ndi chala changa. Ndinaiyang'ana mpaka belu linalira.

A Damiano apatsidwa fodya ndi mzungu chifukwa chodziwa bwino dziko.

Lachisanu, 13 Juni

Ndang'amba tsamba, ndalemba mizere itatu. Bwana, pa masawu pagona ana. Amuna sadziwa. Chonde msewu ukhote.

Ndinafika mpaka pa masitepe a boma. Amesenjala awiri pakhomo. Wina anati, "Mayi, mwasochera?" Ndinati ndikufuna mbuzi yanga. Anaseka, nati mbuzi sizilemba madandaulo.

Pobwerera ndinaganiza: wowerenga kalatayo ndi kalaliki, mwamuna. Wowerengeredwayo ndi mzungu, mwamunanso. Kenako aitana a Damiano kuti awaonetse malowo. Kulemba ndi kunena n'chimodzimodzi. Ndipo ngati azakhali akunena zoona, ndikapanda kudzaberekanso?

Ku sukulu aphunzitsi ankati dzanja langa ndi labwino kuposa la anyamata. Landithandiza chiyani.

Lachiwiri, 24 Juni

Masiku ambiri osalemba. Malungo pang'ono. Thonje lina lagwa pansi, lada.

Pepala la mzungu lija linakwera sitima sabata yatha kupita kwa akuluakulu kumtunda. Anthu olambula msewu ayamba ku siteshoni, makasu makumi atatu. Fumbi likuoneka ndili pakhomo.

Lero a Damiano abwera ndi chipewa chodzaza masawu. Anati, "Mtengo uja ugwa posachedwa, ndati udyeko omaliza. Unkawakonda uli ndi pakati." Anandiikira pamiyendo. Ofiira bwino, akupsa. Ndinaimirira, onse kumwazika pansi, nkhuku kuthamangira. Anatola okha limodzilimodzi. Sanakalipe. Anangoti, "Chaka chonse ndikukufunafuna m'nyumba momwe muno, sindikukupeza."

Lachinayi, 26 Juni

Ndanena.

Kumunda, dzuwa lisanakwere, a Damiano asanapite ku tcheni. Sindinawayang'ane. Ndinauza chitsamba cha thonje. Mawu anatuluka ochepa kuposa a m'kalata ija.

Anakhala pansi pamzere. Ndinkadikira kuti andifunse chifukwa chake sindinanene tsiku la msonkhano. Sanafunse. Anati, "Ndinaseka. Pamaso pa anthu onse, ine ndinaseka."

Anapita kwa kalaliki. Abwera masana. Kalaliki akuti tsiku lonena linaperekedwa, anafunsa katatu, pepala lasainidwa, ndipo pa pepalapo palibe manda. Akuti mzungu anamva chisoni koma anatambasula manja. Msewu ukakhota pamenepo ugunda chitsime cha a Goodwell, chimene analonjeza kale pamaso pa anthu.

Chitsime chinali ndi wochinenera.

Loweruka, 28 Juni

Azakhali amva. Anabwera osagogoda, osalandira mpando. Anati ndaphwanya chimene amayi awo ndi agogo awo anasunga, ndipo chikachitika kwa atsikana a mudzi uno chili pamutu panga. Ndinagwada. Atatopa anakhala pamphasa. Kenako mwapansipansi: "Nanga mwamunayo wati chiyani?" Ndinawauza. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. Anati amuna awo anamwalira osadziwa, ndipo masiku onse ankapita kukatchera mbewa pamalo pomwepo.

A Priska abweretsa mlamba wouma umodzi. Anati, "Wofatsa iwe, bodza langa linalephera, zoona zako zachedwa. Tonse ndife zitsiru. Idya."

Lolemba, 30 Juni

Makasu afika pa chulu. Mawa pa masawu.

A Damiano apempha kapitawo kuti chigawo chimenecho alambule okha, anzawo akayambire kutsogolo. Kapitawo wavomera, akuganiza kuti akufuna nkhuni za mtengowo. Azakhali avomeranso, movutika. A Damiano azipalasa ndi kakhasu kanga kopalira, pang'onopang'ono. Akaona chizindikiro, aziimirira ndi kutembenuka, amayi azibwera ndi malichero kuchokera kuseri kwa chulu kudzasamutsa anawo. Malo atsopano asankha amayi okha. Ine andiuza kuti nditsale pakhomo. Ulendo uno azakhali sadzandinong'oneza, ndikudziwa.

Tikudya, a Damiano anandifunsa osakweza mutu: "Anali wamwamuna kapena wamkazi?" Chaka chonse osadziwa. Ine ndinkayesa sakufuna kudziwa. Ndinati wamkazi. Anabwereza mawuwo kawiri, ngati akulawa.

Anafunsanso kuti adzamudziwa bwanji pakati pa enawo. Ndinati anakulungidwa mu biriwita yanga, ija anandigulira tikukwatirana, imene ndinasokerera mikanda yofiira m'mphepete. Nsalu mwina yatha, mikanda siwola. Anandiyang'ana. "Ija unati inapita ndi madzi ukuchapa?" Ndinati eya, imeneyo.

Lachiwiri, 1 Julaye

Anapita ndi kakhasu. Ndasesa pabwalo kawiri. Nkhwangwa ndinaimva, ndi kugwa kwa mtengo.

Abwera dzuwa litapendeka, fumbi mpaka m'nsidze. Akuti anapeza asanu ndi anayi. Azakhali ankadziwa asanu ndi mmodzi. A Damiano anatembenuka nthawi zonse monga anauzidwa, sanaone kanthu.

Kenako anatsegula dzanja. Mkanda umodzi wofiira, dothi lili m'kabowo. Anati unatsala m'dzenje amayi atapita, ndipo sadziwa ngati mwambo ukulola. Inenso sindidziwa. Palibe woti tingamufunse.

Akhala pakhomo, sakusamba. Akufuna ndilembe dzina m'kope muno, poti pa pepala la boma sanalembedwe. Ndawauza kuti nthayo sapatsidwa dzina. Akuti alipo nalo kale, analisunga kuyambira ndili ndi pakati.

Pensulo ili m'manja. Ndikudikira anene.