Masiku Asanu ndi Atatu Osatuluka M'nyumba

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Balaka. Ine kunja kuno ku Scarborough thupi lili bwino, koma matenda anga ovutika maganizo aja akula ndi chisanu chino. Dzuwa likumalowa isanakwane faifi koloko.

Lamlungu lapitali kunabwera Mayi Banda, anzanga a kuntchito yosamalira okalamba. Ndinawatsegulira ndili chifundire bulangeti.

"Kuntchito simukuoneka, foni simukuyankha. Kwagwanji?" anandifunsa.

"Ndangojomba dzulo lokha," ndinatero.

"Dzulo? Papita masiku asanu ndi atatu."

Achemwali, nditayang'ana patebulo ndinaona buledi atachita chuku, botolo la mankhwala lili chitsekere. Ine amene ndimakumbutsa okalamba kumwa mapiritsi, ndinali nditaiwala anga.

M'mawa mwake anandiperekeza kwa adokotala. Andisinthira mankhwala, ndipo akuti m'mawa uliwonse ndizikhala pafupi ndi nyale yowala ngati dzuwa.

Chonde muzindiimbira Loweruka lililonse. Ndikapanda kuyankha, musaganize kuti ndatanganidwa, imbirani Mayi Banda, nambala yawo ndikutumizirani. Amayi athu musawauze kaye, mukudziwa mtima wawo suchedwa kuthamanga.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Tadala