Ndinkati ndi mudzi chabe

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ine ndabwerako dzulo ku Lilongwe, kumene adokotala anandidula kanyama m'matumbo kuti akakayeze. Zotsatira akuti ndikamve Lachitatu. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa munkadana ndi munthu wozungulira nkhani ngati galu wofuna pogona.

Zakumudzi ndi izi. Mkazi wa Yohane wanu anabereka mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Ali ndi chipumi chanu chomwe, komanso akalira salekeza. Mtedza ku Mkanda wachita bwino chaka chino, koma chimanga ayi, mvula inadula chikungomasula. Denga la nyumba yanu layamba kudontha mbali ya kuchipinda. Yohane akuti akonza akagulitsa fodya, ndipo inu mukumudziwa Yohane. Madalo wanga, mdzukulu wanu, watalika kundiposa, akukonzekera mayeso a Fomu 4.

Ine ndikadali pa wodi yomwe ija, ndipo naiti, ntchito ya usiku ija, ndikugwirabe. Kutopa kwake si kuja munkakudziwa, kotha ndi tulo. Uku ndimadzuka nako. Chichokereni inu palibe wondilondera pakhonde. Mukukumbukira mmene munkathamangitsira ana ndi ogulitsa tomato ndikaweruka m'mawa? "Chokani apa, muno mwagona munthu!" Mawu anuwo ndiwo ankandidzutsa, koma sindinakuuzenipo. Ndikatuluka maso ali psuu, munkandiyang'ana n'kunena kuti, "Nkhuku yogona masana ndi ya chitopa." Ine ndinkayankha kuti thupi limazolowera.

Ndakhala ndikuwerenga, Amayi, ndipo yankho langa lija silinali loona kwenikweni. Thupi lili ndi nthawi yakeyake, imene imatsata kuwala ndi mdima, ndipo matumbo nawo amayendera nthawi yomweyo. Ofufuza ena akukayikira kuti anamwino amene agwira usiku zaka zambiri amadwala khansa ya m'matumbo kuposa anzawo. Ena anafufuza osapeza kusiyana. Umboni sunakwanire, tsono sindinganene kuti naiti ndiyo yandidwalitsa. Palinso zimene timadya pa naitipo, mandasi ndi tiyi wa shuga wambiri, palinso msinkhu, palinso za kumtundu. Sindinganenenso kuti ndi khansa, popeza kanyama kaja sikanayankhe. Ndikungonena zimene ndikudziwa, ndi pamene zikuthera.

A Nachisale mukuwakumbukira, namwino mnzanga uja ankakubweretserani chitenje cha ku Chipata? Tinawayika m'manda chaka chatha. Anayamba n'kuona magazi akapita kuchimbudzi, ndipo ankati ndi mudzi, matenda aja otupa kotulukira chimbudzi amene akuluakulu ambiri amakhala nawo osafa nawo. Ankachita nawo nthabwala. Akamakhala pampando ndi thako limodzi ankati, "Anzanu tili ndi midzi iwiri, wina kwathu kwa Zulu, wina tikuyenda nawo." Wodi yonse inkaseka. Mankhwala opaka ankaitanitsa kwa madalaivala a mathiraki odutsa pa boda. Pamene ankapita kukaunikidwa, n'kuti matenda atafika kale kuchiwindi. Sanali mudzi.

Ine magazi ndinayamba kuwaona nthawi yokumba mtedza. Ndinati ndi mudzi. Mawu amenewa ndi ofewa, Amayi. Munthu ukawatchula umamva ngati ukunena za kwanu, malo oti sangakuphe.

Chimene chinandidzutsa ndi mng'ono wanu, mayi aang'ono. Anandiimbira foni kufunsa chifukwa chake sindikuoneka ku Mkanda. Ndinali nditangoweruka, tulo tili m'maso, ndipo ndinayankha mwachidule kuti, "Mudzi ukundisowetsa mtendere, mayi." M'mawa mwake ndinangowaona akutsika pa kabaza, fumbi mpaka m'nsidze, nkhope itakwinyika. Asanalandire ndi madzi omwe anayamba: "Ndani wakunena? Ndi nkhani ya munda ija? Tchula dzina, ndikamuonetse!" Anali atakangana kale ndi mabanja awiri asananyamuke.

Nditawafotokozera mudzi umene ndinkanena, anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. "Mwana iwe, wandiyambanitsa ndi anthu chifukwa cha kumatako kwako!" Kuti amvetse, ndinayamba kuwauza chimodzichimodzi: magazi akuda osakanikirana ndi chimbudzi, lero kudzimbidwa mawa kutsegula, kulemera m'mimba, siketi ya yunifolomu imene ndaibweza kawiri kwa telala. Ndili mkati molankhula ndinadzimva ndekha. Wodwala atakhala patsogolo panga n'kundiuza zimenezo, sindikanamulembera mankhwala opaka. Ndikanamutumiza ku Lilongwe tsiku lomwelo. Mayi aang'ono anali akusekabe pamene ine ndinasiya.

Ku Lilongweko anandimwetsa mankhwala otsuka m'mimba, kenako analowetsa kachingwe kokhala ndi kamera. Ndinapempha kuti ndizionera nawo pa sikirini. Chotupa chilipo, ndachiona ndi maso anga. Kukula kwake ngati nthudza. Zotupa zina za mtundu umenewu si khansa, ndipo ngakhale khansa imene, ikapezeka msanga amaidula munthu n'kukhala ndi moyo. Funso ndi lakuti kodi uku ndi msanga. Limenelo sindingaliyankhe ndi kuwerenga.

Ndinakalankhula ndi a matroni kuti andichotse pa naiti. Sanakane, sanavomerenso. Anavula magalasi n'kundifunsa kuti, "Asisi, ndikachotsa inu ndiyikepo ndani?" Sindinawakwiyire, funsolo ndi loona. Tilipo ochepa. Ndikachoka ine, usiku wanga ugwera atsikana awiri amene abwera kumene, ndipo mmodzi akuyamwitsa. Odwala nawo sasankha ola lodwalira. Komabe ndawauza kuti mwezi uno ukatha sindigwiranso usiku, kaya zotsatira zikhale zotani. Atsikanawo ndawakhazika pansi. Sindinawaopseze ndi zimene sizinatsimikizike. Ndangowauza kuti akadzaona magazi asadzawapatse dzina okha, adzapite akawaone ena.

Madalo sindinamuuze. Akudziwa kuti ndinapita ku Lilongwe, koma akuganiza kuti ndi za ntchito. Ndinafuna kudikira mayeso ake athe, kenako ndaona kuti kumeneko n'kuzungulira kwa galu kuja. Ndimuuza Lamulungu tikachoka kutchalitchi, ndipo ndimutchulira mawu enieniwo, chotupa, osati mudzi.

Ndatopa, Amayi. Dzuwa lili pamutu, ana a aneba akusewera mpira pafupi ndi windo, ndipo nkhuku yanu ya chitopa ikufuna kugona. Mukaonana ndi a Nachisale muwauze kuti pamalo pawo sipanabwerebe munthu. Koma ine musandiyalire mphasa msanga kumeneko.

Ndikulonjeza kuti zikatha izi ndibwera kumudzi, mudzi weniweniwo, ndidzalambule pamanda panu ndi kuyanjanitsa mayi aang'ono ndi mabanja awiri aja. Lachitatu ndikwera minibasi yoyamba, ndikamve zimene kanyama kaja kanena.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felesita