Mbuzi Yanu Yaberekera Pamvula

Achimwene,

Salaamu aleikumu. Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Chiponde tilipo, kungoti amayi akuvutika ndi chifuwa.

Mbuzi yanu ija, imene tinathawa nayo nkhondo, yabereka. Lachitatu m'mawa bere lake linali litadzaza. Inkangolira, kugona n'kudzukanso, msipu osaufuna. Amayi anati, "Mwanangu, lero usachoke, nthawi yake yakwana." Koma linali tsiku lolandira ufa kukampu, ndiye ndinaimangirira pamtengo n'kumapita. Masana kunagwa chimvula. Pobwera ndinapeza ana awiri m'matope, wina atafa kale. Mtima ukundiwawa, achimwene. Ndikanamvera amayi.

Wotsalayo ndi wamkazi ndipo akuyamwa bwino. Chonde muwatumizireko amayi bulangete. Allah akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Asiyatu