Jekete la Mayi Sorensen

Marlow Falls, Iowa
12 Januwale 1997

Okondedwa achimwene Cleophus,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi alamu anga a Earline. Msana uja wasiya kukuvutitsani? Nanga Amayi shuga yawo ikuyenda bwanji, akumwa mankhwala kapena ayambanso kuwabisa m'kabati? Ine kuno ndili bwino, kupatula zala zomwe zimauma m'mawa uliwonse chifukwa cha kuzizira.

Mudabwa kuti ndalemba kalata chonsecho foni ilipo. Pa foni mumandidula mawu ndisanafike ndi pakati pomwe, ndiye ndasankha pepala. Muwerenge mpaka pansi musanayimbire munthu aliyense.

Kuno chipale chofewa chinayamba kugwa sabata ya Khirisimasi ndipo sichinalekeze. Galimoto yanga imalira tsiku lomwe yafuna yokha. Kuntchito makina amodzi oumitsira zovala anafa mu Novembala, moti matimu onse akudalira amodzi otsalawo. Nditapempha atsopano anandiuza kuti ndalama palibe. Sabata yomweyo anatsegulira chipinda chatsopano chonyamuliramo zitsulo, mphatso ya bambo wina wogulitsa magalimoto, ndipo dzina lake analilemba pakhomo ndi zilembo zotalika ngati mkono. Sindikudandaula ayi. Pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zomwe ndakhala ndikuchapa mayunifomu pa yunivesite pano, ndinazindikira kuti palibe wachuma amene amafuna dzina lake pa makina oumitsira masokosi.

Tsopano za mwana wanu Renita. M'thupi ali bwino, m'kalasi akukhoza, ndipo a Kochi Pruitt akuti pa mamita 400 sanaonepo wa chaka choyamba wothamanga chonchi. Koma sikolashipu yake ili pachiswe. Ikathetsedwa abwerera kwanuko mu Juni, chifukwa fizi ya pano inu simungaikwanitse, inenso chimodzimodzi.

Mukukumbuka mapepala aja munasaina, olembedwa dzina la Arvid Sorensen pamwamba. Bamboyo anali wothamanga pano kalekale, kenako analemera ndi malonda a mbewu ya chimanga. Atamwalira, mkazi wake anapereka chuma ku yunivesite kuti phindu lake lizilipirira wothamanga mmodzi fizi, malo ogona ndi chakudya. Renita ndi wachisanu ndi chimodzi kudya nawo. Mayi Sorensen ali ndi zaka 78 ndipo mwana alibe. Mpikisano wa pakhomo pano saphonya, amakhala mzere wachitatu, wotchi ya malemu amuna awo ili m'manja.

Mu Novembala kunali nkhomaliro ya chaka ndi chaka ija, yomwe wosewera aliyense amakhala tebulo limodzi ndi womulipirira n'kumuwerengera kalata yothokoza. Ine anandiika pakhomo kuti ndizilandira majekete a alendo. Renita anafika ndi kajekete kake ka ku Louisiana kaja, kopyapyala ngati shati, nthawi yomweyo yomwe Mayi Sorensen ankavula lawo. Mayiwo anagwira nsaluyo ndi zala ziwiri n'kumufunsa ngati alibe lina. Iye anaseka, akuti kukalasi amapita chothamanga ndiye kuzizira sikumupeza.

Pamenepa tonse tili ndi mbali yathu. Inu munalonjeza mu Okutobala kuti mutumiza ya jekete, kenako injini ya boti lanu lophera nsomba inafa. Ine ndinamupatsa langa lakale, analikana kuti likununkha jiki, ndiye ndinamuuza kuti adikire mitengo itsike Khirisimasi ikadutsa. Mayi Sorensen sanadikire. Sabata yotsatira anamutengera kusitolo n'kumugulira jekete lalitali labuluu, la madola 180.

Lamulo lake linali m'mapepala omwe aja, ngakhale ndikukayika ngati munawerenga. Wofuna kuthandiza amapereka ku yunivesite, osati m'manja mwa wosewera. Kaya ndi chovala, kaya chakudya cha kulesitilanti, ngakhale kumukweza galimoto, n'zoletsedwa. Analikhazikitsa chifukwa cha anthu olemera omwe ankagulira anyamata a mpira magalimoto mobisa, koma lamulo likakhala lakhala, silisiyanitsa galimoto ndi jekete. Ana onse amauzidwa zimenezi sabata yoyamba, ndipo Renita analipo.

Lolemba lapitali nkhaniyi inafika kwa Bambo Dunleavy, amene amayang'anira malamulo a masewera pano. Lachitatu anamuitana Renita. Bamboyo si woipa mtima, kungoti amalankhula ngati akuwerenga fomu. Asanamufunse kanthu anayamba wamufotokozera kuti akavomera, abweza mtengo wa jeketelo pang'onopang'ono ku bungwe lothandiza osowa, aphonya mipikisano iwiri, nkhani n'kuthera pomwepo. Anamuuzanso kuti wonama amaimitsidwa chaka chathunthu. Inu mukudziwa kuti sikolashipu amaisainanso chaka chilichonse, ndipo palibe kochi amene angasungire malo munthu wokhala pa benchi chaka chonse.

Renita anamva zonsezo n'kuyankha kuti jeketelo munamutumizira ndinu.

Bambo Dunleavy anamufunsanso kachiwiri, yankho linali lomwelo. Analemba mawu akewo papepala koma sanamulole kusaina. Anamuuza kuti apite nalo akaganize, abwerenso Lachisanu pa 24, ndipo ngati sasintha mawu abweretse kalata yochokera kwa bambo ake. Kufikira tsikulo sakuloledwa kupikisana.

Lachinayi ataweruka m'kalasi anabwera kwanga atavala jekete lomwelo. Ndinali nditaphika nyemba zofiira ndi mpunga monga amakondera. Sanakhale n'komwe, ankangozungulira m'khitchini.

"Wakandinenera ndi Kendra ameneyu, azakhali, musachite kufunsa," anatero. "Chimupitirireni pa kona tsiku lija amandiyang'ana ngati ndinamulanda mwamuna. Miyendo yakanika ndiye wayamba kuthamanga ndi pakamwa."

Kendra ndi mnzake wa mu timu, wa chaka chachitatu. Ndinamuuza kuti akhale pansi adye, nyemba zikuzizira. Atadya pang'ono ndinamufunsa chomwe ananamira pomwe njira yapafupi anali atamuonetsa. Anati anzake amuuza kuti zikadziwika, Mayi Sorensen aletsedwa kuyandikira timu kwa zaka ziwiri. Zimenezo n'zoona.

"Agogo aja Loweruka alibe kwina kopita," anatero. "Zaka ziwiri pa msinkhu umene uja? Ndiye ndiwaike m'manda chifukwa chondiveka?"

Ndinamuuza kuti mayiwo ndi aakulu, adzisenzera okha katundu wawo. Anasewera ndi supuni, kenako ananena china chomwe ndaganizira nthawi yaitali ngati ndikulembereni. Ndalemba chifukwa muyenera kudziwa chomwe mukulimbana nacho.

"Komanso ndikaime mu ofesi muja ndinene kuti adadi analephera kundigulira jekete? Bola andichotse."

Pochoka ananena kuti akuyimbirani kumapeto kwa sabata ikubwerayi, nthawi yomwe mudzakhale mutabwerako kunyanja, kuti mumulembere kalatayo. Akuti chibadwire simunamukanizepo kanthu. Sindinamutsutse poti n'zoona.

Dzulo kunali mpikisano m'holo yathu. Renita anakhala pa benchi ndi zovala wamba. Pa nthawi yopuma ndinakwera ku mzere wachitatu kuja, poti Mayi Sorensen anali atafunsa kale anthu awiri chifukwa chomwe wothamanga wa Arvid sakuthamangira. Ndimo amamutchulira. Ndinawafotokozera zonse mwachidule. Anamvetsera osandidula, kenako anaika wotchi ija m'chikwama.

"Mayi Batiste, tandithandizani kumvetsa," anatero. "Ndinapereka fizi ya ana asanu ndi mmodzi, anandiwombera m'manja n'kundipatsa maluwa. Lero ndaveka mmodzi yekha amene amanjenjemera, ndasanduka chigawenga?"

Ndinawayankha kuti ndi momwe lamulolo lilili, ndipo ine sindinalilembe. Anati akulidziwa bwino, chaka chilichonse amawatumizira kabuku kake, kungoti tsiku limene lija sanalikumbukire, anangoona mwana wa munthu akuzizidwa. Nditawauza zomwe Renita ananena kwa Bambo Dunleavy anapukusa mutu. Anati aliyense amene adzawafunse adzamuuza kuti anagula ndi iwo, lisiti ali nalo m'dirowa, ndipo sangayambe kuphunzira bodza ali ndi zaka 78. Za zaka ziwirizo anangoti nthawi za Renita azidzaziwerenga m'nyuzipepala. Ndikutsika anandiitananso kuti andifunse ngati jeketelo likufunda mokwanira.

Ndiye mwaona pomwe zinthu zilili. Kalata yanu ikafika pa desiki ya Bambo Dunleavy, chotsatira chake n'kuyimbira Mayi Sorensen, ndipo mayiwo adzanena zoona. Pamenepo Renita adzakhala atasaina kale, ndipo sipadzakhalanso wom'pulumutsa, ngakhale a Kochi Pruitt.

Pempho langa ndi limodzi, achimwene. Akakuyimbirani mumukanize. Musalembe kalatayo, ngakhale alire chotani. Mumuuze kuti abwerere kwa Bambo Dunleavy tsiku la 24 lisanakwane akanene amene anagula. Mumuuzenso ndi pakamwa panu kuti za injini ya boti sizikukuchititsani manyazi, chifukwa akapanda kumva zimenezo kwa inu sasuntha. Ndikudziwa kuti kutchalitchi munauza anthu kuti mwana wanu sasowa kanthu kuno. Mawu amenewo mungowameza, n'ngopepuka kusiyana ndi kukamulandira pa depoti ya basi mu Juni ndi masutikesi ake.

Pali chinanso, ndipo ndachisiya dala kumapeto kuti muyambe mwawerenga zinazo. Kendra sanalakwe kanthu. Amene anapita kwa Bambo Dunleavy ndine.

Tsiku lina atangotsegulira sukulu pambuyo pa Khirisimasi, Renita anasiya jeketelo pa mulu wa zochapa popita kukathamanga. Dzanja langa linazolowera kupisa m'matumba chovala chilichonse chisanalowe m'makina, silifunsa kuti n'cha ndani. Ndinapezamo kakhadi kolembedwa pamanja kuti wothamanga wa Arvid asazizidwenso, pansi pake dzina la mayiwo. Kufikira tsikulo ndinkaganiza kuti ndalama ija munatumiza, ndipo ndinali nditakuyamikirani mumtima.

Ogasiti aliyense ife antchito timasaina pepala lolonjeza kuti tikaona zotere tikanena. Komanso tauni ino ndi yaing'ono, sitolo yogulitsa majekete otere ndi imodzi, ndipo theka la akazi a opereka ndalama amagula komweko. Zikanamveka ndithu, mwina mu Meyi timu itapambana kale, n'kulanditsa anzake onse mamendulo. Ndinawerengera kuti tikanena tokha msanga, chilango ndi mipikisano iwiri basi. Chomwe sindinawerengere n'chakuti mwanayo angname. Ndinayenera kuyamba ndakhala naye pansi, koma ndinaopa kuti andipempha kuti ndikhale chete ndipo ine ndivomera. Pamenepo ndinalakwa, ndipo zikundiwawa.

Lachinayi lija ankatukwana Kendra akudya nyemba zanga, ine ndili chete. Lamulungu likudzali ndikamuuza, chifukwa sizoona kuti mwana wa eni ake asenze mlandu wanga. Ndikamuuza sadzamvanso mawu anga aliwonse, mwina kwa nthawi yaitali. N'chifukwa chake ndikufuna kuti pofika tsikulo akhale ndi munthu mmodzi amene angamumvere, ndipo munthuyo ndinu. Ngati muli ndi mawu oti mundilalatire, foni yanga mukuidziwa ndipo sindikudulani. Koma muyambe mwalankhula ndi mwanayo.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Earline, ndipo kalatayi muwapatse awerenge okha, musawafotokozere mwachidule monga mumachitira. Moni kwa amalume a Alcide ndi azakhali a Philomene, kwa msuweni wathu Dorsey ndi ana ake, komanso kwa Darnell wanu, mumuuze kuti chithunzi chake ndinalandira. Amayi muwauze kuti ndimawakumbukira m'mapemphero ndipo ndidzabwera pa Isitala. Za Renita musawauze kaye mpaka pa 24 padutse.

Mwanayo akakufunsani ngati mumadziwa kuti ndine, musamunamize.

Ndine mlongo wanu,
Ozella Batiste