Makina amene bambo anazimitsa

Getafe, 17 Novembala 2013

Okondedwa achemwali anga a Remedios,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi watani ndi kuzizira kumeneku? Ine ndili bwino, chimfine chokha ndiye chandikakamira. Lendi akwezanso, koma zimenezo n'zakale.

Kalata yanu ndinalandira. Mwati mng'ono wathu Anselmo akufuna kugulitsa munda wa maolivi, ndipo tsiku lililonse akumakhala pa makina a juga ku bala ya a Fulgencio, ati ndalama za bambo zikadali m'mimba mwa makinawo. Ndasowa mtendere, chifukwa mawu amenewo ndikuwadziwa kumene achokera.

Mukukumbuka tsiku lija. Bambo anaponyamo ndalama kuyambira m'mawa, kenako anauza a Fulgencio kuti azimitse makinawo poti atentha, munthu wina asawakhudze mpaka iwo atabwerako ndi ndalama zina. Anagwera pa msewu asanafike n'kunyumba komwe. A Fulgencio sanawayatse kwa sabata yathunthu, ati kulemekeza maliro.

Ine ndatha zaka zitatu ndikutsegula zimezamakobidi zimenezi, choncho mundimvere. Makina satentha ndipo sazizira. Mawilo aja a mandimu ndi mabelu ndi ongosangalatsa maso. M'kati muli kabokosi kamene kamasankha zotuluka. Pa mayuro khumi alionse, kamabweza pafupifupi asanu ndi awiri, koma patapita maulendo zikwizikwi, ndipo kamapatsa aliyense amene waima pamenepo nthawi imeneyo. Sikadziwa nkhope ya munthu. Zotsalazo timabwera kudzazichotsa sabata iliyonse, kampani ndi mwini bala n'kugawana pakati. A Fulgencio analira maliro, inde, koma theka lawo analandira.

Tsopano nkhani imene yandilembetsa. Lachiwiri masana bwana anatituma ine ndi mnzanga Nicanor kukaphwasula makina akale ochokera kwathu konko. Pa makina ena ndinaona timabala takuda ta moto pambali pa batani lakumanzere, pomwe bambo ankaika ndudu yawo. Ndinayang'ana pepala lake, n'kupeza dzina la mudzi wathu ndi la bala ya a Fulgencio. Ndinawerenganso kachiwiri. Nicanor anandiseka, ati ndaona chibwenzi chakale, ndimupatse moni msanga asanamuphwanye.

Ndinatsegula ndekha, achemwali. Munalibe khobidi ngakhale limodzi. Fumbi, kangaude wakufa ndi kachitsekerero ka botolo la mowa, basi.

Kenako ndinachita chopusa. Ndinawalumikiza ku magetsi. Anayamba kuimba kanyimbo kaja koitanira anthu, kamene bambo ankaimba ndi likhweru pometa ndevu. Ndinamva ngati aima kumbuyo kwanga. Sindinacheuke. Chimene chinanditsitsimula ndi mawu a Nicanor.

"Iwe Hilario, m'thumbamo ukufunamo chiyani?"

Dzanja langa linali litagwira kale yuro. Ine, amene ndimadziwa waya aliyense wa m'menemo! Kuyambira tsikulo kanyimboko sikakuchoka m'mutu mwanga, ndipo ndikuopa. Magazi ndi amodzi, Anselmo sindingamuseke.

Pempho langa ndi limodzi. Munda sungagulitsidwe popanda dzina lanu ndi langa. Chonde musasayine, ngakhale alire, ngakhale atume amayi. Mumuwerengere kalatayi muli awiri, osati pamaso pa mkazi wake. Mumuuze kuti makina amene akuwadyetsawo si a bambo, anawasintha kalekale iye ali ku ntchito ku Sevilla. Makina a bambo enieniwo ndawaphwanya ine ndi nyundo, ndipo batani lakumanzere lija ndaliika mu envelopu muno. Mumupatse m'manja.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma za kanyimbo musawauze. Moni kwa alamu a Evaristo, kwa azakhali a Casilda, ndi kwa ana onse. Pa Khirisimasi ndibwera kudzathandiza kukolola, ngati mitengo ndidzaipeza ikadali yathu.

Ndine mlongo wanu,
Hilario