Galu waubweya amene akukana kukhala galu

Okondedwa Achemwali,

Ndikukhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino. Kodi bondo lija linasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, kupatula zala zakumanzere, ndipo ndi zimene zandilembetsa kalatayi.

Mukukumbukira kuti galu wa mwana wanga Naphokoso atafa, mwanayo analira pafoni mpaka mawu kutha. Ine pofuna kumutonthoza ndinalonjeza kuti ndimupangira wina ndi manja angawa, wofanana ndendende ndi uja. Pakamwa pangapa sipatopa kundiika m'mavuto.

Kochapira zovala kuhotela kumene ndimagwira ntchito kuli mayi wina wosita, amene pa nthawi yopuma amapanga tinyama taubweya wa nkhosa. Sasoka, saluka. Amangoika ubweya pasiponji n'kumaubaya ndi singano yokhala ndi timinga m'mbali, mpaka ubweyawo utagwirana n'kulimba. Amabaya uku akucheza, maso ali kwina, mukamati muone, kambalame katuluka. Ine ndinati zimenezi ngakhale mwana angachite. Mayiyo sanatsutse. Anangondigawira ubweya wofiirira, siponji ndi singano zingapo.

Achemwali, singano imeneyi si ya malaya ayi. Ikalowa m'chala imatuluka ndi kamnofu kake. Mukangopendeketsa dzanja pang'ono, yathyoka. Ina inathyokera m'mimba mwa galuyo, ndipo poti sindingatumizire mwana chidole chokhala ndi chitsulo m'kati, ndinamung'amba ndi sizasi n'kuyambiranso.

Woyambayo anatuluka ngati mbatata. Wachiwiri ndinamuika pazenera kuti ndimuone bwino pakuwala, mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi n'kufunsa mwaulemu kuti nkhumbayo ndikupangira ndani. Sindinamuyankhule mpaka madzulo.

Ubweya nawo sukhala malo amodzi. Uli pabulangete, uli m'kapu ya tiyi, uli m'mphuno. Sabata yatha a kapitawo anaupeza pansalu zoyera zoyala pamabedi a alendo, utachoka pajuzi yanga. Anandibwezera ngolo yonse ya nsaluzo kuti ndichapenso, ndipo anandiuza pamaso pa anzanga kuti ngati ndayamba kuweta nkhosa ndisankhe ntchito imodzi. Nditadandaula kwa mayi wosita uja, iwo anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinawayankha kuti nkhono sibaya munthu. Anaseka, kenako anandigwira dzanja n'kundionetsa kuti singano iyenera kulowa molunjika n'kutuluka momwe inalowera, komanso kuti miyendo amayamba aipanga payokha n'kuilumikiza pambuyo pake. Akanandiuza zimenezi poyamba, zala zanga zikanapulumuka.

Wachitatuyu tsopano akuima yekha patebulo, ngakhale mwendo wina wakumbuyo ndi wautali. Koma nditafika pamutu ndinaima. Ndikudziwa kuti galu uja anali ndi khutu limodzi logwa, koma lakumanja kapena lakumanzere, sindikukumbukira. Banga loyera lija linali pachifuwa kapena pakhosi? Ine ndinachoka kwathuko galuyo ali kamwana kokwana m'manja, wakula mpaka kufa ine kulibe. Ndinakhala pabedi ndi kamutu kopanda makutu m'dzanja, ndipo zinandipweteka kuposa singano. Naphokoso amadziwa galu uja mpaka ubweya wa kumchira. Ndikalakwitsa khutu adzaona asanamalize n'kumasula komwe.

Pempho langa ndi limodzi. Muyang'ane mufoni ya alamu ngati muli chithunzi chake, makamaka choonetsa kumaso, munditumizire. Chikasowa, mumufunse mwanayo mongocheza, ngati mukungokumbukira galuyo, koma musamuuze kuti mayi ake ndi amene aiwala. Musamuuzenso za mbatata ndi nkhumba. Lamlungu anandiuza pafoni kuti wakonza kale katoni, wayalamo juzi yake yakale kuti galuyo azidzagonamo, choncho zosiya palibenso.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali, ndi kwa ana anu onse. Amayi muwauze kuti mankhwala asamadumphe. Naphokoso mumupsompsone pachipumi, mumuuze kuti galu wake akubwera, koma akuyenda pang'onopang'ono chifukwa miyendo yangomera kumene.

Ndine mng'ono wanu wa zala zotupa,
Mayi a Naphokoso