Mthuthuthu Wanu Sukubwera

Namitambo
9 Ogasiti 1957

Bambo a Easter,

Landirani moni. Kaya muli bwanji ku Halaleko? Nanga phewa lomwe munagweralo layamba kupola? Kuno tilipo, kungoti amayi chifuwa chija sichikuwasiya.

Kalata yanu inafika Lolemba. Ndamva kuti pa mpikisano wathawu munawombana ndi mnzanu pokhota, njinga yanu yamoto n'kuphwanyikiratu. Mwati mukapanda kupeza ina akuchotsani pa gulu la othamanga, choncho ndikakweze pa sitima ku Limbe mthuthuthu wakale uja munasiya m'nyumba muno.

Ndikuukumbuka bwino. Ndi womwe munaphunzirira kukhota phazi likukwekwereza pansi pa bwalo la mpira, fumbi koboo, ana akukuwa dzina lanu. Inenso ndinkakuwa nawo. Pochoka munaumanga ndi unyolo ndi loko, kiyi n'kupita naye, n'kulumbira kuti wouyendetsa aliyense mudzamumangitsa.

Easter atadwala malungo mvula ili mkati, mlongo wanga Albert anati tiphwanye loko, iye amuthamangitse mwanayo ku chipatala cha ku mishoni. Amalume anu anakana, ati mawu a mwini wake ndi omwewo. Ndinamubereka, n'kuyamba wapansi m'matope. Ndisanafike ndinamva kuti manja ake andisiya m'khosi. Ndinapitirirabe kuyenda, ndikumuyankhula.

Tinakutumizirani lamya. Munayankha kuti Loweruka lomwelo kuli mpikisano waukulu, mubwera ukatha. Chomwe chinabwera ndi chithunzi chanu mutanyamula chikho, mano onse pamtunda.

Ndiye mverani za mthuthuthu wanu.

Nditawerenga kalata yanuyo ndinaitana a Hamadi, amisiri a zitsulo a pamsika aja. Anandifunsa kawiri ngati mtima wanga uli m'malo. Ndinawauza kuti chiyikireni maliro sunakhalepo m'malo ngati lero. Amalume anu anabwera akuthamanga, ati ndikuononga tsogolo la mwana wawo. Ndinawafunsa kuti nanga la mwana wanga analiika kuti. Anatembenuka n'kubwerera kwawo.

A Hamadi aika mateyala onse awiri kungolo yokankha. Dzulo inanyamula mayi wodwala wa kwa Mpama, ndipo anafika ku chipatala ali moyo. Thanki taidula pakati, abakha akumweramo. Chishalo anatenga ana, sindikudziwa komwe chili.

Injini yokha sindinalole munthu kuikhudza. Ndinabwereka nyundo yaikulu, n'kuiphwanya ndekha pabwalo, anthu akuona. M'manja mwatuluka matuza, koma sindikumva kuwawa. Zidutswa zake ndaziponya m'chimbudzi. Ngati mukuzifuna, mukudziwa pokumba.

Musavutike kulemba zopepesa. Ankhoswe akumana Lamulungu likubwerali, ndipo zovala zanu tazitumiza kale kwanu.

Pempho langa ndi limodzi. Musabwereke njinga ya wina n'kukafera pa bwalo la mpikisano, anthu akuwomba m'manja. Imfa imeneyo ingakukomereni. Ndikupemphera kuti Mulungu akusungeni mpaka ukalamba, gulu litakutayani, dzina lanu litaiwalika. Mudzabwere wapansi kuchokera ku Limbe, mudzayende msewu womwe ndinayenda ine, ndipo mudzachite kufunsa ana kuti manda a mwana wanu ndi ati, chifukwa ine sindidzakulozerani.

Mupereke moni kwa msuweni wanga Simoni ndi banja lake.

Ndine mayi wa Easter,
Dainess